Kulawa Vinyo Wofiira ndi Woyera: Kudziwa Wogulitsa Msanga ndi Wosunga

Anthu ambiri amakhulupirira kuti vinyo aliyense akakhalitsa amakoma. Sizili choncho. Vinyo wambiri amapangidwa kuti amwedwe pasanathe chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, ndipo ndi wochepa chabe amene amakoma akakhala zaka zisanu kapena khumi. Ngati inu kapena gulu lanu mukupanga vinyo, kaya wa mphesa, jambula, chidede kapena nthochi, nkhaniyi ikukhudza thumba lanu. Mukasunga vinyo wosayenera kusunga mudzatsegula mabotolo a viniga, ndipo shuga, mabotolo ndi thukuta lanu zidzapita pachabe. Mukagulitsa msanga vinyo amene akanakoma patsogolo, mwataya mtengo wabwino. Maso, mphuno ndi lilime lanu zikhoza kukuuzani vinyo amene muli naye, bola muziphunzitse.

Kusiyana kwa wofiira ndi woyera

Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, ndi oyera. Mtundu uli m'makungu. Popanga vinyo woyera amafinya mphesa n'kuchotsa makungu madzi asanayambe kuwira. Popanga wofiira, madzi amawira pamodzi ndi makungu ndi njere kwa masiku angapo kapena masabata. Makunguwo amapereka mtundu komanso chinthu chotchedwa tanini. Tanini mumamudziwa kale ngakhale dzinalo lili lachilendo: ndi uja amaumitsa ndi kukhakhalitsa mkamwa mukaluma nthochi yosapsa kapena mukamwa tiyi wopanda mkaka amene masamba ake akhalitsa m'madzi. Vinyo wofiira amadalira tanini ndi asidi kuti akhalitse. Woyera ali ndi tanini wochepa kwambiri, choncho amadalira asidi, nthawi zina ndi shuga.

Kukonzekera

Lawani m'mawa, musanadye tsabola kapena kusuta fodya, pamalo owala ndiponso opanda utsi, fungo la sopo kapena la mafuta odzola. Pezani galasi loyera, losajambulidwa, lotakata pansi koma lopanikiza pakamwa kuti fungo lisathawe. Thirani pang'ono, pafupifupi mamililita 50. Vinyo woyera amamveka bwino akazizira madigiri 8 mpaka 12, wofiira madigiri 15 mpaka 18. M'mabuku a ku Ulaya amati wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda, koma chipinda cha malata mu Okutobala kuno kwathu si chimene iwo amanena. Ikani botolo m'ndowa ya madzi ozizira musanalawe, chifukwa vinyo wofiira wofunda amangomveka ukali wa mowa basi.

Khalani ndi kope, madzi otsukira mkamwa ndi chitini cholavuliramo. Kulawa si kumwa. Akatswiri amalavula, chifukwa munthu amene wameza magalasi anayi sangasiyanitsenso chabwino ndi choipa. Yambani ndi woyera kenako wofiira, wosatsekemera kenako wotsekemera. Ntchitoyi si ya ana osakwana zaka 18 kapena amayi oyembekezera.

Zimene maso amaona

Pendeketsani galasi pamwamba pa pepala loyera n'kuyang'ana m'mphepete mwa vinyo, pamene wapyapyala. Wofiira wamng'ono amaoneka ngati jambula wakupsa. Akamakula mtunduwo umachepa mphamvu n'kuyamba kufanana ndi njerwa yootcha, pomaliza ngati khofi. Woyera amayenda mosiyana: amayamba wotuwa, mwina wobiriwira pang'ono, kenako wachikasu ngati golide, pomaliza woderapo ngati tiyi. Vinyo wa miyezi isanu ndi umodzi amene waoneka kale ngati tiyi walowa mpweya. Ameneyo musamusunge.

Vinyo azikhala woonekera bwino, osati wa mbuu. Nsenga zochepa pansi pa botolo la wofiira wakale si vuto. Ndi tanini ndi mtundu zimene zagwirana n'kutsika. Koma vinyo wamng'ono amene ali mbuu ndiponso akutulutsa tithovu ndiye kuti wayambanso kuwira m'botolo chifukwa munatsala shuga ndi yisiti yamoyo. Mabotolo otere amatha kuphulika, asapite kumsika. Timadontho totsetsereka m'galasi mukalizunguza, timene ena amatitama kwambiri, timangosonyeza kuchuluka kwa mowa ndi shuga, osati ubwino wa vinyo.

Mphuno

Nunkhizani kamodzi galasi lili phee, kenako lizunguzeni pang'ono n'kununkhizanso. Funso loyamba ndi lakuti: kodi vinyoyu ndi wabwinobwino? Fungo la viniga likusonyeza kuti tizilombo tosandutsa mowa kukhala viniga tapeza mpweya, kawirikawiri chifukwa chigubu sichinadzaze kapena sichinatsekedwe bwino. Fungo la dzira lowola limachokera ku yisiti imene inasowa chakudya powira, kapena ku mankhwala a salufa opopera m'munda nthawi yokolola itayandikira. Likangoyamba, kusamutsira vinyo m'chigubu china n'kusiya nsenga kumathandiza. Fungo la katoni yonyowa kapena la chipinda cha chuku nthawi zambiri limachokera ku chotsekera cha cork choipa, ndipo vuto limakhala la botolo limenelo lokha. Fungo la zipatso zophika kapena jamu wopserera ndi chizindikiro cha kutentha. Palibe vuto ngakhale limodzi mwa amenewa limene limatha posunga.

Ngati alibe vuto, mvetserani zimene akununkhira. Woyera wamng'ono amakumbutsa mandimu, magwafa, chinanazi kapena maluwa. Wofiira amakumbutsa mabulosi, jambula, mapulamu, nthawi zina tsabola wakuda. Musavutike ndi maina a zipatso za kunja zimene simunadyepo. Lembani m'kope fungo limene mukulidziwa, bola gulu lonse lizimvana. Vinyo akamakula fungo la zipatso zaziwisi limachepa, m'malo mwake mumabwera la zipatso zouma, uchi, mtedza wokazinga, fodya wochizidwa kapena dothi lonyowa ndi mvula yoyamba. Choncho vinyo woti asungidwe ayenera kukhala ndi fungo lamphamvu la zipatso ali wamng'ono. Ngati lero likumveka patalipatali, pakatha zaka ziwiri sipadzatsala kanthu.

Mkamwa: apa ndiye pagona nkhani

Tengani pang'ono, muyendetse mkamwa monse, mukoke kampweya pakati pa milomo, kenako mulavule. Muzifunafuna chinthu chimodzi pa nthawi.

Asidi mumamudziwa ndi malovu. Mukalavula, weramitsani mutu pang'ono kukamwa kuli kotsegula. Malovu akamatuluka ambiri, asidi ndi wokwanira. Vinyo wopanda asidi amamveka wozizira mkamwa ngati madzi a shuga, ndipo amaonongeka msanga chifukwa tizilombo timaswana mosavuta. Ngati gulu lanu lili ndi kachipangizo koyezera pH, woyera wabwino amakhala pakati pa 3.0 ndi 3.4, wofiira pakati pa 3.3 ndi 3.6. Ikafika 3.8 kapena kupitirira, vinyoyo ndi wogulitsa msanga. Musasokoneze kuwawasa kwa asidi wa chipatso, komwe kuli ngati kwa mandimu, ndi kwa viniga komwe kumalasa m'mphuno ndi kukhosi.

Tanini mumamumva pa usinini ndi mkati mwa masaya. Pali tanini wa mitundu iwiri ndipo ambiri amalakwitsa pamenepa. Wochokera ku mphesa zokhwima bwino amaumitsa mkamwa koma sawawa. Ameneyu amafewa pakapita zaka ndipo amateteza vinyo ku mpweya. Wochokera ku mphesa zosapsa, ku njere zophwanyika kapena ku timitengo ta phava amawawa ngati khungwa laliwisi, ndipo kuwawako sikuchoka. Vinyo wowawa wopanda kukoma kwa zipatso kumbuyo kwake adzangokhala vinyo wakale wowawa.

Mowa umamveka ngati kutentha kukhosi. Vinyo wa mphesa wa masiku onse amakhala ndi maperesenti 11 mpaka 14.5. Wochepera 10 ndi wovuta kusunga kumalo otentha. Shuga wambiri amateteza vinyo monga amachitira ndi jamu, n'chifukwa chake vinyo wotsekemera kwambiri wa ku Sauternes ku France kapena wa ku Constantia ku South Africa amakhala zaka makumi. Koma pamafunika asidi wamphamvu woti alimbane ndi shugayo. Shuga wochepa wothira pomaliza pofuna kubisa kuwawasa sateteza kanthu, ndiye chakudya cha yisiti.

Pomaliza werengani. Mukalavula, kukoma kwa zipatso kukhala masekondi angati mkamwa? Kukazimirira musanafike pa 5, vinyoyo ndi womwa chaka chomwecho. Kukapitirira 15 kapena 20, ndipo asidi, tanini, mowa ndi zipatso zikumveka mogwirizana popanda china chopondereza chinzake, muli ndi vinyo amene angapirire. Mwa zizindikiro zonse, ichi ndi chimene chimanama kochepa.

Mitundu imene imakhalitsa

Vinyo wambiri wa mphesa wopezeka m'masitolo kuno amachokera ku South Africa, kumene anayamba kufinya mphesa mu 1659 ku Cape. Ndi wabwino kuphunzirirapo. Chaka cholembedwa pabotolo ndi chimene mphesa zinakololedwa, osati chimene vinyo anaikidwa m'botolo. Pa ofiira, Cabernet Sauvignon ali ndi makungu ochindikala ndi tanini wambiri, ndipo wopangidwa bwino amakhala zaka khumi kapena kuposa. Shiraz nayenso amapirira. Pinotage, mtundu umene Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ulipo womwa msanga ndi wina wosunga. Pa oyera, Chenin Blanc ndi Riesling amakhalitsa chifukwa cha asidi, pomwe Sauvignon Blanc wambiri amakoma m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira. Gulu likasonkha ndalama n'kugula botolo limodzi la Chenin Blanc ndi limodzi la Cabernet Sauvignon, n'kulawa pamodzi ndi vinyo wanu, mudzamvetsa asidi ndi tanini kuposa powerenga tsambali. Dzina la mtundu palokha si lonjezo: Cabernet wotsika mtengo wa m'katoni anapangidwa kuti amwedwe tsopano.

Vinyo wa zipatso zina amayesedwa ndi muyeso womwewu. Nthochi, mango ndi mapapaya zili ndi asidi wochepa ndipo zikapsa sizipereka tanini wokwanira, n'chifukwa chake opanga amathiramo madzi a mandimu. Ngakhale atero, ndi vinyo wogulitsa m'chaka chimodzi. Chidede chili ndi asidi wambiri ndi mtundu wokongola, koma mtunduwo umasuluka msanga padzuwa. Jambula ali ndi tanini, ndipo vinyo wake amafewa akakhala miyezi ingapo m'botolo.

Zambiri zimathera kumunda

Zimene lilime likumva zinayambira pa tsiku lokolola. Mphesa zikamapsa shuga amakwera, asidi amatsika. Mukafulumira mupeza vinyo wowawasa, wa tanini wowawa ndi mowa wochepa. Mukachedwa mupeza mowa wambiri wopanda asidi. Mphesa za vinyo amakolola shuga ali pakati pa 20 ndi 25 pa muyeso wa Brix, umene amayeza ndi refractometer podontheza madzi a mphesa. Popanda chipangizo, tafunani njere: zobiriwira ndi zowawa sizinakhwime, zoderapo ndi zokukutika zakhwima. Mvula ya nthawi yokolola imasungunula shuga ndi kubweretsa chuku. Ku Dodoma ku Tanzania, komwe kuli kouma, alimi amakolola mphesa kawiri pachaka, ndipo zokolola za m'chilimwe ndi zimene zimakhala ndi shuga wambiri. Mpesa wosadulira, wolemedwa ndi zipatso kapena wothiridwa feteleza wa nayitrojeni wambiri umapereka vinyo wamadzimadzi.

Kusunga ndi kuyesa

Vinyo amafuna malo amdima, ozizira madigiri 12 mpaka 15, kutentha kosasinthasintha. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, vinyo amakalamba mofulumira pafupifupi kawiri, choncho zaka zimene zimalembedwa m'mabuku muzizichepetsa ngati mulibe malo ozizira. Chipinda chamkati cha nyumba yofolera udzu, mabotolo ali pansi m'makatoni, n'chabwino kuposa shelefu ya pafupi ndi malata kapena pawindo la golosale. Mabotolo a cork agonekeni kuti cork isaume. A chotsekera chopotokola akhoza kuimirira. Botolo lizidzaza mpaka m'khosi. Opanga ambiri amathira potassium metabisulphite pang'ono poika m'mabotolo kuti ateteze vinyo ku mpweya ndi tizilombo; tsatirani muyeso wa papaketi, ndipo ngati vinyoyo ndi wogulitsa, funsani a Malawi Bureau of Standards za malamulo ake ndi zolemba pabotolo.

Pali kayesedwe kosavuta: thirani theka la botolo, mutseke, mulawenso mawa ndi mkuja. Vinyo amene wafooka pofika mawa sangapirire zaka. Amene wakoma kwambiri tsiku lachiwiri ali ndi mphamvu yotsala. Koma umboni weniweni ndi wa kope lanu. Pa ulendo uliwonse umene mwapanga vinyo, patulani mabotolo asanu ndi limodzi, mulembepo tsiku, chipatso ndi munda umene chachokera. Tsegulani limodzi miyezi itatu iliyonse, mulawe anthu atatu kapena anayi, aliyense alembe yekha asanamve maganizo a mnzake, makamaka a wapampando. Mukaona kuti fungo la zipatso layamba kuchepa popanda fungo lina labwino lolowa m'malo, gulitsani otsalawo mwezi womwewo, ndipo chaka chamawa vinyo wa mtundu umenewo asadzafike msinkhu umenewo ali m'nyumba mwanu.