Asilikali Akuda a Nkhondo ya ku Lioma Ayenera Kukumbukiridwa

Ana ambiri a sukulu ku Milange amaganiza kuti Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inachitikira ku Ulaya kokha. Komatu nkhondoyi, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, inafika mpaka m'chigawo cha Zambezia.

Pa 25 Novembala 1917, mtsogoleri wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma n'kulowa mu Mozambique. Mu Julaye 1918 anagonjetsa Apwitikizi ndi Angelezi ku Namacurra, kufupi ndi Quelimane. Koma pa 30 ndi 31 Ogasiti, ku Lioma m'boma la Gurué, zinthu zinamutembenukira. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anaima nji, ndipo iye anataya anthu ndi katundu wambiri n'kubwerera chakumpoto.

Mbali zonse ziwiri, ambiri mwa ogwira mfuti anali anthu akuda. Masajeni ndi makopolo akuda ndiwo ankaphunzitsa asilikali atsopano, kumasulira malamulo a azungu m'Chinyanja, ndi kulimbitsa anzawo mtima zipolopolo zikamagwa. Ngakhale zinali choncho, maudindo apamwamba anali a azungu okha. Ku Malawi zinatenga mpaka 1972 kuti munthu wakuda, Graciano Matewere, akhale mkulu wa asilikali onse.

Nyasaland inatumiza asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. John Chilembwe anadandaula m'kalata yake ya mu 1914 kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, koma amtengatenga ambiri anagona m'tchire popanda chizindikiro.

Apa ndi pamene mphunzitsi wa zinenero ziwiri ali ndi mwayi. Mabuku amene anasunga nkhaniyi ali m'Chingelezi, m'Chijeremani ndi m'Chipwitikizi, ndipo amatchula kwambiri maina a azungu. Zimene mabanja akukumbukira zili m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Ophunzira angathe kufunsa agogo awo za makolo amene anapita ku nkhondo kapena ku mtengatenga, kulemba mayankho m'chinenero chawo, kenaka n'kuwamasulira m'Chipwitikizi. Ntchitoyi siyofunika kuichedwetsa, chifukwa amene anamva nkhanizi pakamwa pa eni ake akutha chaka ndi chaka.