Mpeni wa M'kapamba: Mbiri ya Timadzi Todula DNA



Ogulitsa nyama pa msika wa Nathenje akamatumbula ng'ombe, sauona mpeni wina umene uli m'kapamba. Chiwalo chimenechi chimathira m'matumbo timadzi totchedwa ma nuclease, timene timaduladula DNA ndi mnzake RNA za m'chakudya kuti zigayike. DNA ndi ulusi wosaoneka ndi maso, umene umasunga malangizo a chibadwa m'zamoyo zonse.

Ulusiwu anautulukira ndi Friedrich Miescher mu 1869 ku Tübingen, m'dziko la Germany, pofufuza mafinya a pa nsalu zomangira zilonda. Mu 1940, ku America, Moses Kunitz anapatula m'kapamba wa ng'ombe timadzi todula RNA, ndipo mu 1950 anachita chimodzimodzi ndi todula DNA. Koma timadzi ta m'kapamba timadula mwachisawawa, ngati chikwanje cha wolambula tchire.

Zinthu zinasintha pamene Werner Arber, ku Geneva, anafufuza chifukwa chimene mavairasi ena amalepherera kuswana mwa mabakiteriya. Anapeza kuti bakiteriya ali ndi mpeni wakewake wodulira DNA ya mdani, pomwe DNA yake amaiika chizindikiro kuti isakhudzidwe. Mu 1970 Hamilton Smith, ku Baltimore, anapatula mpeni wotere umene umadula pamalo odziwika okha, monga telala amatsata choko pa nsalu. Awiriwa, pamodzi ndi Daniel Nathans, analandira mphotho ya Nobel mu 1978.

Wodziwa kudula molondola angathenso kulumikiza. Pofika mu 1982, odwala matenda a shuga anayamba kubayidwa insulin wopangidwa ndi mabakiteriya amene anaikidwa chidutswa cha chibadwa cha munthu.

Luso limeneli linafikanso kwathu kuno. Mu 2013, pa sukulu ya zaulimi ya Bunda, kufupi ndi Mitundu, akatswiri anabzala m'munda wotchinga ndi mpanda thonje la Bt. Thonjeli lili ndi chibadwa chochokera kwa bakiteriya wa m'nthaka, ndipo mbozi zoboola zipatso zake zikalidya zimafa.

Ena anakondwera poona kuti kupopera mankhwala kungachepe. Ena anadandaula za kukwera mtengo kwa mbewu yogula chaka ndi chaka. Mlimi ayenera kumva mbali zonse ziwiri, pakuti munda ndi wake, ngongole nayonso ndi yake.