N'chifukwa Chiyani Anthu Amazemba Chithandizo Chaulere?

Lero tikamba za funso limene linasautsa anamwino ndi madokotala kwa nthawi yaitali: n'chifukwa chiyani munthu amazemba chithandizo, chingakhale chaulere?

M'zaka za m'ma 1950, m'dziko la America munkayenda magalimoto onyamula makina ojambulira m'chifuwa, kupima anthu chifuwa chachikulu popanda malipiro. Magalimotowo ankafika pafupi ndi makomo, koma anthu ambiri sanapiteko. Bambo Godfrey Hochbaum, a m'nthambi ya zaumoyo ya bomalo, anafunsa maganizo a anthu oposa 1,200, ndipo mu 1958 anafalitsa zimene anapeza. Mwa anthu amene ankakhulupirira kuti nthendayo ingathe kuwagwira, ndiponso kuti kuipeza msanga n'kothandiza, 82 pa 100 alionse anakajambulitsa. Mwa amene analibe ngakhale chimodzi mwa zikhulupiriro ziwirizi, anapita 21 okha.

Anzao, monga Bambo Irwin Rosenstock, anakuza maganizowa nati munthu amayezanso kuopsa kwa nthenda pamodzi ndi zopinga, monga mantha, mtunda ndi ndalama. Mu 1988 anaonjezapo mfundo yakuti munthu amachita chinthu akadzikhulupirira kuti angachithe.

Chiphunzitsochi chinalowa m'sukulu za anamwino. Namwino wochidziwa sathamangira kudzudzula wodwala amene wasiya mankhwala. Amayamba wafunsa chimene akukhulupirira ndi chimene akuopa, pakuti mankhwala osiyidwa pa alumali sachiza munthu.