Carnaval, Phulusa ndi Pasaka: chifukwa chake masikuwa amasintha chaka ndi chaka

Khirisimasi imagwa pa 25 Disembala chaka chilichonse, koma Pasaka ilibe tsiku lokhazikika. Mu 2025 inagwa pa 20 Epulo, mu 2026 ndi pa 5 Epulo, pamene mu 2027 ndi pa 28 Malichi. Pasaka ikasuntha, amasunthanso masiku a Carnaval, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, chifukwa onsewa amawerengedwa kubwerera m'mbuyo kuchokera pa Lamulungu la Pasaka.

Mmene tsiku la Pasaka limapezekera

Msonkhano wa maepiskopi umene unachitikira ku Nicaea m'chaka cha 325 unagwirizana kuti Akhristu onse azikondwerera Pasaka tsiku limodzi. Lamulo limene linakhazikika pambuyo pake ndi ili: Pasaka ndi Lamulungu loyamba lotsatira mwezi wathunthu umene wagwa pa 21 Malichi kapena pambuyo pake. N'chifukwa chake siingafike pasanakwane pa 22 Malichi, komanso siingapitirire pa 25 Epulo.

Akatolika, Aangilikani ndi mipingo yambiri ya Chiprotestanti amatsata kalendala imene Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582. Mipingo ya Orthodox imawerengerabe Pasaka pa kalendala yakale ya Julius Caesar, choncho nthawi zambiri tsiku lawo limabwera mochedwerapo. Mu 2025 onse anakumana pa 20 Epulo, koma mu 2026 Pasaka ya Orthodox ndi pa 12 Epulo.

Carnaval

Carnaval ndi masiku a chisangalalo amene amathera Lachiwiri, mawa lake kuli Phulusa. Akatswiri ambiri a zinenero amati dzinali linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuchotsa nyama. Kale ku Ulaya anthu sankaloledwa kudya nyama m'nyengo yonse ya Lenti, ndipo m'madera ambiri mazira, mkaka ndi mafuta a nyama zinalinso zoletsedwa. Kotero mabanja ankamaliziratu zonsezi kusala kusanayambe. Ku France tsikuli amalitcha Mardi Gras, kutanthauza Lachiwiri la mafuta, ndipo ku Britain anthu amakazinga zitumbuwa zopyapyala za ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka.

Ku Portugal mwambowu unkatchedwa Entrudo, ndipo anthu ankathirana madzi ndi ufa m'misewu. Apwitikizi anapita nawo ku Brazil, kumene unasakanikirana ndi ng'oma ndi magule a anthu ochokera ku Africa. Lero magulu a samba a ku Rio de Janeiro amapikisana m'bwalo la Sambódromo, limene linatsegulidwa mu 1984. Kuno ku Mozambique, Carnaval yotchuka kwambiri ndi ya ku Quelimane, m'chigawo cha Zambézia, kumene magulu a m'mabairo osiyanasiyana amavina m'misewu atavala zovala zokongola ndi zophimba kumaso. Ena amautcha mzindawu Brazil wamng'ono chifukwa cha mwambo umenewu.

Lachitatu la Phulusa ndi Lenti

Lenti, imene m'Chipwitikizi timati Quaresma, imayamba Lachitatu la Phulusa, kutatsala masiku 46 kuti Pasaka ifike. Pochotsapo masiku 6 a Lamulungu, amene si masiku osala, pamatsala masiku 40, pokumbukira masiku amene Yesu anasala kudya m'chipululu. Mu 2026 tsiku la Phulusa ndi 18 Febuluwale, mu 2027 ndi 10 Febuluwale.

Phulusa limachokera ku kanjedza amene anadalitsidwa chaka chapitacho pa Lamulungu la Kanjedza. Wansembe amalipaka pamphumi ngati mtanda, kukumbutsa munthu kuti anachokera kudothi ndipo adzabwerera komweko, choncho atembenuke mtima.

Malamulo a Mpingo wa Katolika amati Akhristu a zaka zapakati pa 18 ndi 59 asale kudya Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kutanthauza kudya mokhuta kamodzi kokha pa tsiku. Kuyambira zaka 14, munthu sadya nyama masiku awiriwa komanso Lachisanu lililonse la Lenti. Nsomba ndi yololedwa. Odwala sakakamizidwa kusala.

Ku Ulaya Lenti imagwa pamene chisanu chikutha ndipo mitengo ikuyamba kuphukira. Kwa ife imagwa mkati mwa dzinja, miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha pomwe chimanga cham'munda sichinakhwime. Banja limene likudya kale kamodzi pa tsiku silingachepetsenso chakudya. Apa ndi pamene mbali zina ziwiri za Lenti zimaonekera kufunika kwake, chifukwa Mpingo umaphunzitsa zinthu zitatu pamodzi: kusala, kupemphera ndi kuthandiza osowa. Amene ali nacho chakudya amapemphedwa kugawana ndi amene alibe.

Sabata Loyera ndi nkhani ya tchuthi

Sabata lomaliza limayamba ndi Lamulungu la Kanjedza. Lachinayi Loyera ndi chikumbutso cha mgonero womaliza ndi kusambitsa mapazi, Lachisanu Loyera kumakhala Njira ya Mtanda ndipo sikuchitika Misa, kenako usiku wa Loweruka amayatsa moto watsopano ndi kandulo ya Pasaka.

Ogwira ntchito adziwe kuti ku Mozambique Lachisanu Loyera silili pa mndandanda wa masiku a tchuthi cha dziko. Chimene boma limapereka ndi tolerância de ponto kwa antchito achikhristu, ndipo imalengezedwa chaka chilichonse, choncho ndi bwino kudikira chilengezocho musanajombe kuntchito. Ku Malawi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba lotsatira Pasaka ndi masiku a tchuthi. Amene mumadutsa pa Calómuè kapena pa Zóbuè kukachita zamalonda, kumbukirani kuti mabanki ndi maofesi a boma kumeneko amakhala otseka masiku awiriwa.