Mbiri ya Filimu Yokana Kuonetsa, Kuchokera pa Kaseti Kufika pa Hard Drive

Vuto la filimu imene yasungidwa bwinobwino koma ikukana kuonetsa ndi lakale kuposa hard drive imene anthu amailoza chala masiku ano, chifukwa chiyambireni makampani opanga zipangizo za kanema sanagwirizanepo pa njira imodzi yojambulira ndi kusungira zithunzi. Mu 1975 kampani ya Sony inatulutsa makaseti a Betamax, chaka chotsatira JVC n'kutulutsa a VHS, ndipo kaseti ya kampani imodzi sinkagwira mu deki ya inzake. VHS itapambana panatsala kusiyana kwina, pakuti mayiko ambiri a ku Ulaya ndi a kum'mwera kwa Africa ankatsata dongosolo la PAL pamene America ndi Japan ankatsata la NTSC, mwakuti kaseti yotumizidwa ndi m'bale wa ku America inkatha kutulutsa zithunzi zophethira kapena zopanda mtundu. Ku Malawi, kumene wailesi ya kanema ya dziko inayamba mu 1999, anthu ambiri anadziwira mafilimu m'mavidiyo sho a m'misika ndi m'matauni, ndipo eni ake a tizipinda timeneti ndiwo anali amisiri oyamba a vutoli, opukuta mutu wa deki ndi kulumikiza tepi ikaduka, oonera ali chidikirire pamabenchi.

Zimbale za VCD, zimene zinabwera mu 1993, ndi za DVD, zimene zinayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, zinabweretsa mavuto awonso, monga kukalika ndiponso loko wa zigawo wa pa DVD amene ankaletsa chimbale cha dera lina kuonetsa pa deki ya dera lina. Nyengo imeneyi ndiyo inabala mabaning'i senta, kumene munthu ankalipira kuti amubanire nyimbo ndi mafilimu, kuphatikizapo aja omasuliridwa m'Chichewa. Zimbale zitayamba kutha mphamvu, ntchito yomweyo inasamukira pa fulashi, memori khadi ndi hard drive yonyamula m'manja, ndipo kuyambira pamenepo chilema cha filimu chinaleka kuoneka ndi maso monga chinkaonekera pa tepi yokwinyika.

Gwero loyamba la vuto lamakonoli lili mu fomati ya hard drive, kutanthauza ndondomeko imene chipangizo chimalembera pamene fayilo iliyonse yakhala. FAT32, imene Microsoft inatulutsa mu 1996 pamene mafayilo anali ang'onoang'ono, imawerengedwa ndi pafupifupi wailesi ya kanema iliyonse yokhala ndi polowetsa USB, koma silandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB, malire amene kanema wa ukwati wathunthu amawadumpha mosavuta. NTFS, ya mu 1993, ilibe malire ochepa chonchi, koma kompyuta ya Mac imangoiwerenga osalembamo pokhapokha itathandizidwa ndi pulogalamu ina. Fomati ya exFAT inabwera mu 2006 kudzathetsa vuto la kukula kwa mafayilo, komabe Microsoft inadikira mpaka 2019 kuti isindikize poyera kapangidwe kake, ndipo mawailesi ambiri akale saidziwa. Apple nayo ili ndi mafomati ake, HFS+ ndi APFS, amene Windows siwerenga payokha. N'chifukwa chake wojambula ukwati amene wakonzera ntchito yake pa Mac angathe kupereka hard drive yodzaza bwino, eni ukwati n'kukaipeza ngati yopanda kanthu kunyumba, ngakhale kuti palibe chimene chatayika.

Gwero lachiwiri lili m'kati mwa fayilo momwemo. Zilembo za kumapeto kwa dzina, monga AVI, MOV, MP4 kapena MKV, zimangotchula chotengera, chimene chili ngati thumba loti mungakhale chimanga kapena mtedza koma kunja likuoneka chimodzimodzi. Zam'katimo zimapanikizidwa ndi kodeki, imene ndi njira yochepetsera kukula kwa zithunzi ndi mawu, ndipo chipangizo chosadziwa kodekiyo sichingazimasule. DVD inkagwiritsa ntchito MPEG-2, mafilimu okopedwa a zaka zoyambirira za m'ma 2000 ankayendera DivX ndi Xvid, kenako mu 2003 kunabwera H.264, imene inafala kwambiri mpaka inakhala yodalirika pafupifupi paliponse. Yolowa m'malo mwake, H.265 kapena HEVC, inavomerezedwa mu 2013, ndipo mafoni a iPhone anayamba kujambulira nayo mu 2017, koma popeza eni luso lake amafuna malipiro kwa opanga zipangizo, si onse anaiikamo. Motero mafayilo awiri a MP4 angakhale m'foda imodzi, imodzi n'kuonetsa inzake n'kukana, kapena zithunzi n'kuoneka mawu kulibe chifukwa kodeki ya mawu ndiyo yachilendo kwa wailesiyo. Chithandizo chachikulu chinachokera kwa ophunzira a sukulu ya École Centrale Paris, amene ntchito yawo ya mu 1996 inabala pulogalamu ya VLC, yoperekedwa mwaufulu kuyambira 2001, imene imabwera ndi makodeki ake ndipo yakhala chida choyesera mafayilo kwa amisiri ambiri.

Magetsi nawonso ali ndi gawo lawo. Hard drive yaing'ono imakoka mphamvu kudzera m'chingwe chomwe imatumizira mafayilo, ndipo polowetsa pa USB 2.0, ya mu 2000, pamapereka 500 mA pamene pa USB 3.0, ya mu 2008, pamapereka 900 mA. Mphamvu ikachepa, mbale za m'kati zimayesa kuzungulira n'kulephera, kaphokoso ka kugogoda n'kumamveka, filimu n'kumaima pakati. Choopsa kwambiri ndi kuzima kwa magetsi kapena kusolola chingwe kukopa kusanathe, chifukwa fayilo imene yatsala theka imaoneka ndi dzina lake ngati yathunthu. Fayilo ya MP4 imadalira kalozera wotchedwa moov, amene makamera ambiri amalemba kumapeto kwa kujambula, ndipo batire ikatha iye asanalembedwe, zithunzi zimakhalamo koma pulogalamu imasowa poyambira.

Amisiri okhwima pa ntchitoyi anaphunzira kuyamba ndi zinthu zosawononga, ndipo nzeru imeneyi ndi yoyenera ulemu kuposa umene imalandira. Amasintha chingwe ndi polowetsa, amayesa hard drive pa kompyuta ina, amakopera fayilo m'kompyuta n'kuitsegula ndi VLC, amayerekeza kukula kwake ndi kwa fayilo yoyambirira, ndipo ikapezeka kuti ndi yamoyo amaitembenuzira ku H.264 m'chotengera cha MP4 kuti wailesi yakale iilandire. Chimene amachipewa ndi kuvomera uthenga wa Windows wopempha kufomata hard drive, uthenga umene umabweranso pamene kompyuta yangolephera kuzindikira fomati yachilendo, pakuti kuvomera kumafufuta ndondomeko ya mafayilo onse. Hard drive imene ikugogodabe ngakhale yapatsidwa mphamvu zokwanira amaizimitsa msanga, chifukwa kupitiriza kuizungulitsa kungakale mbale zake ndi kuwononga mafayilo amene akadapulumutsidwa.