Ankhonya Okwera Sikelo ndi Mayina a Amene Anawagonjetsa

Masewera a nkhonya amagawa anthu potengera kulemera kwa thupi, chifukwa chibakera cha munthu wamkulu chimafika ndi mphamvu imene wochepa thupi sangaipirire nthawi yaitali, ngakhale atakhala waluso chotani. Magulu ena analipo kale m'zaka za m'ma 1800, koma mu 1909 bungwe la National Sporting Club la ku London linakhazikitsa magulu 8, kuyambira flyweight, ya anthu osapitirira makilogalamu pafupifupi 51, kukafika heavyweight, yopanda malire. Chiyambire, katswiri akasesa onse a m'gulu lake amayang'ana gulu lapamwamba, kumene kuli ndalama zambiri ndi ulemu waukulu, ndipo okonda nkhonya amatsala akutsutsana ngati zimene wachita kumeneko zikuposa za amene anamutsogolera.

Woyamba kutenga malamba m'magulu atatu anali Bob Fitzsimmons, wobadwira ku Cornwall koma wokulira ku New Zealand, komwe ankasula zitsulo. Anatenga lamba wa middleweight mu 1891. Mu 1897 ku Carson City anagwetsa James J. Corbett, ngwazi ya heavyweight, ndi chibakera cha pamimba m'ndime ya 14, iye akulemera makilogalamu pafupifupi 76 okha. Mu 1903, ali ndi zaka 40, anawonjezera lamba wa light heavyweight. Koma thupi lili ndi polekezera, pakuti mu 1899 James J. Jeffries, chimunthu chodzaza, anali atamukomola n'kumulanda lamba wa heavyweight uja.

Henry Armstrong anachita zimene mpaka lero palibe wazibwereza. Mu October 1937 anagonjetsa Petey Sarron n'kutenga lamba wa featherweight. Mu May 1938 analumpha gulu limodzi n'kukathidzimula Barney Ross pa welterweight, kenako mu August chaka chomwecho anatsika kudzalanda wa lightweight kwa Lou Ambers. Pa miyezi 10 anali atagwira malamba atatu nthawi imodzi, dziko lonse lili ndi magulu 8 okha. Ena amati Ross anali atatha, poti sanamenyenso nkhonya pambuyo pake. Komabe Ross ndi Ambers anali eni ake enieni a magulu awo. Panalibe ngwazi ina yofewerapo imene Armstrong akanasankha, ndipo n'chifukwa chake mbiri yake siigwedezeka.

Ambiri amene anayesa kukwera anagonja, ndipo kugonja kwina kumakumbukika kuposa kupambana. Mu June 1941 Billy Conn, yemwe anasiya lamba wa light heavyweight kuti akakumane ndi Joe Louis, ankatsogola pa mapointi zitatha ndime 12, koma atafuna kumugwetsa Louis anagwetsedwa ndi iyeyo m'ndime ya 13. Pa 25 June 1952 Sugar Ray Robinson, yemwe anali atalamulira welterweight ndi middleweight, anakumana ndi Joey Maxim pa Yankee Stadium ku New York kulimbirana lamba wa light heavyweight. Usiku umenewo kunatentha kufika madigiri pafupifupi 40. Woyimbira nkhonyayo, Ruby Goldstein, analefuka itatha ndime ya 10 mpaka m'malo mwake munalowa wina. Robinson ankatsogola kwa majaji onse, akuzungulira ndi kuponya zibakera, pamene Maxim, womuposa ndi makilogalamu pafupifupi 7, ankasunga mphamvu ndi kumutsamira. M'ndime ya 13 Robinson anaponya chibakera cha kumanja chimene chinaphonya, n'kugwa yekha chafufumimba. Belu la ndime ya 14 litalira sanathe kudzuka pampando. Pa nkhonya pafupifupi 200 zimene anamenya, imeneyi ndi yokhayo imene sanaimalize.

Mwa ankhonya a mu Africa, Dick Tiger wa ku Nigeria anatenga lamba wa middleweight mu 1962 ndi wa light heavyweight mu 1966 pogonjetsa José Torres. Mu 1968 anakomoledwa m'ndime ya 4 ndi Bob Foster, munthu wamtali wa chibakera choopsa. Foster yemweyo atakwera ku heavyweight anagwetsedwa ndi Joe Frazier mu 1970 ndi Muhammad Ali mu 1972. Mphamvu imene inkaopedwa m'gulu lina sinkamveka m'gulu lotsatira.

Kuyerekeza ankhonya kunavuta mabungwe opereka malamba atachuluka. Pambali pa WBA panabwera WBC mu 1963, IBF mu 1983 ndi WBO mu 1988, ndipo pakati pa magulu akale panalowetsedwa atsopano mpaka onse anakwana 17. Gulu limodzi likhoza kukhala ndi anthu anayi odzitcha ngwazi ya dziko lonse. Wankhonya wokwera sikelo, pamodzi ndi omukonzera nkhonya, anapeza mwayi wosankha wofooka mwa anayiwo. Kuyambira pamenepo kuwerenga malamba kokha kunasiya kunena zoona zonse.

Zaka za m'ma 1980 zikuonetsa mbali zonse ziwiri. Roberto Durán wa ku Panama, ngwazi ya lightweight kuyambira 1972, anakwera n'kugonjetsa Sugar Ray Leonard ku Montreal mu June 1980, Leonard asanagonjepo kwa wina aliyense. Mu 1983 anamenyana ndi Marvin Hagler ndime zonse 15 pa middleweight n'kugonja pa mapointi, chaka chotsatira Thomas Hearns anamukomola m'ndime yachiwiri, koma mu 1989, ali ndi zaka 37, analanda lamba wa middleweight kwa Iran Barkley. Ngakhale anagonja kangapo, palibe wodziwa nkhonya amene amamuchotsera ulemu, chifukwa sankalambalala aliyense. Leonard naye anachita chachikulu pogonjetsa Hagler mu 1987, ngakhale majaji anagawanika. Koma malamba ake awiri a mu November 1988 anawatenga usiku umodzi kwa Donny Lalonde, ngwazi ya light heavyweight imene inavomera kutsika kufika makilogalamu 76 kuti pakhalenso lamba watsopano wa super middleweight. M'mabuku amawerengedwa ngati magulu awiri, koma sangaikidwe pa mlingo umodzi ndi nkhonya ya Hagler.

Kusiyana komweku kukuoneka pa anthu awiri amene anachoka ku light heavyweight n'kutenga lamba wa heavyweight. Michael Spinks anagonjetsa Larry Holmes mu 1985, Holmes atapambana nkhonya 48 osagonjapo, ndipo aliyense ankavomereza kuti ndiye mwini gululo. Roy Jones Jr. anagonjetsa John Ruiz mu March 2003, n'kukhala woyamba chichokere Fitzsimmons kutenga lamba wa heavyweight atakhalapo ngwazi ya middleweight. Luso lake usiku umenewo linali losakayikitsa, koma mwini weniweni wa gululo anali Lennox Lewis, ndipo Jones sanakumane naye. Kubwerera pansi kunamupwetekanso. Atataya thupi limene anamanga, Antonio Tarver anamukomola m'ndime yachiwiri mu May 2004. Spinks naye sanakhalitse pamwamba, poti Mike Tyson anamumaliza pa masekondi 91 mu 1988.

Manny Pacquiao wa ku Philippines anayambira pa lamba wa flyweight mu 1998 n'kufika magulu 8, zimene palibe wina wazikwanitsa. Otsutsa amaloza zoti Miguel Cotto mu 2009 ndi Antonio Margarito mu 2010 anamenyana naye pa kulemera kochita kugwirizana, kotsikirapo pa malire a gulu, ndiponso kuti Oscar De La Hoya mu 2008 anafika ali wouma chifukwa chodzichepetsa thupi. Zimenezi n'zoona, koma pali mbali inanso. Masiku ano ankhonya amakwera pa sikelo kutatsala tsiku limodzi, kenako amadya ndi kumwa madzi, thupi n'kubwerera. Margarito analowa m'bwalo akumuposa Pacquiao ndi makilogalamu angapo, ndipo anatulukamo fupa la pansi pa diso litathyoka.

Nthawi imene wankhonya wakumana ndi mnzake imawerengedwanso. Canelo Álvarez wa ku Mexico anakwera ku light heavyweight kawiri. Mu November 2019 anakomola Sergey Kovalev m'ndime ya 11, koma Kovalev ameneyo anali atagonja kale kawiri kwa Andre Ward ndi kamodzi kwa Eleider Álvarez, ndipo anali asanapume mokwanira chichokere pa nkhonya yolimba ndi Anthony Yarde mu August. Mu May 2022 Canelo anakumana ndi Dmitry Bivol, wosagonjapo, wa mphamvu zake zonse, ndipo anagonja pa mapointi. Anthu awiri omwewa anamenyanapo ndi Isaac Chilemba wa ku Malawi, yemwe anamaliza nawo ndime zonse 12 ngakhale anagonja pa mapointi, Kovalev mu 2016 ndi Bivol mu 2018. Kovalev amene Chilemba anakumana naye ku Russia anali asanagonjepo, choncho sanali munthu yemweyo amene Canelo anadzamupeza patapita zaka zitatu.

M'zaka zaposachedwa awiri akwera popanda kusankha wofewa. Oleksandr Usyk wa ku Ukraine anasonkhanitsa malamba onse anayi a cruiserweight mu 2018, kenako anatsata njira yokatenga lamba wa heavyweight imene Evander Holyfield anadutsamo mu 1990. Anagonjetsa Anthony Joshua mu 2021 ndi 2022, ndipo mu May 2024 ku Riyadh anagonjetsa Tyson Fury, wosagonjapo, womuposa ndi makilogalamu oposa 15. Terence Crawford, yemwe lamba wake woyamba unali wa lightweight, analumpha magulu awiri mu September 2025 n'kulanda Canelo malamba onse a super middleweight ku Las Vegas, pa kulemera kwenikweni kwa gululo. Alipo amene akuti Canelo anali atayamba kutha, pokhala atamenya nkhonya zoposa 60. Usiku umenewo Canelo anali ndi zaka 35, Crawford 37.