Mafakitale a Zipatso ndi Madzi Onunkha a ku San Jose

Chigwa cha Santa Clara, m'chigawo cha California ku America, lero chimadziwika ndi makompyuta. Koma m'zaka za m'ma 1930 kutchuka kwake kunali pa zipatso. Minda ya mapichesi ndi zipatso zina inali ponseponse, ndipo mumzinda wa San Jose munali mafakitale ambiri oika zipatso ndi matimati m'zitini. Nyengo yokolola ikafika, amayi zikwizikwi ankagwira ntchito usana ndi usiku, kusankha, kudula ndi kulongedza.

Ntchito imeneyi imamwa madzi ochuluka. Zipatso ziyenera kutsukidwa, kusendedwa ndi kuphikidwa, nawonso makina ayenera kutsukidwa tsiku ndi tsiku. Posenda mapichesi, mafakitale ankawaviika m'madzi otentha a soda waukali, mbale wake wa chidulo koma woyabwa koposa, kenaka n'kuwathira madzi kuti makungu ayoyoke. Madzi onsewa, odzaza ndi makungu, nyenyeswa ndi shuga, ankatsikira m'mipope ya mzinda mpaka kukathera kum'mwera kwa nyanja ya San Francisco Bay, kufupi ndi mudzi wa Alviso.

Munthu akhoza kufunsa kuti: kodi makungu a chipatso angaononge chiyani, poti si poizoni? Apa ndi pamene panagona vuto. Zinyalala zoterezi ndi chakudya cha tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Tizilomboti tikapeza shuga timaswana mofulumira, ndipo pakudya timatha mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma m'madzi. Mpweyawu ukatha nsomba zimafa, madzi amada, ndipo pamatuluka fungo longa la mazira oola. Kum'mwera kwa nyanja ija madzi ndi osaya ndiponso sayenda kwambiri, ndipo nyengo yokolola inkagwa m'miyezi yotentha, pamene mvula sigwa kumeneko. Tsono zinyalala zochuluka zinkafika pa nthawi imene madzi analibe mphamvu yozisungunula.

M'chaka cha 1956 mzinda wa San Jose unamanga malo oyeretsera madzi oipa, makamaka chifukwa cha mafakitalewa. Poyamba ankangodikha zolimba kuti zikhale pansi, koma shuga wosungunuka ankapitirira ndithu. M'chaka cha 1964 anaonjezera matanki opopera mpweya, kuti mabakiteriya adyeretu shugayo madzi asanafike kunyanja. Boma la California linakhwimitsa malamulo ake a madzi mu 1969.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi lamulo la dziko lonse la 1972, lodziwika ndi dzina loti Clean Water Act. Lamuloli linaletsa fakitale kutayira madzi oipa mumtsinje kapena m'nyanja popanda chilolezo, ndipo linati wotayira m'mipope ya mzinda wothandizidwa ndi ndalama za boma azilipira gawo lake la mtengo woyeretsera. Bungwe loona za chilengedwe la EPA linaika malire a mafakitale a maapozi, malalanje ndi mbatata ya kachewere mu 1974, ndipo a zipatso ndi ndiwo zamasamba zina mu 1976. Nzeru ya malirewa inali pa muyeso wake. Sanangoyang'ana kuda kwa madzi, chifukwa wochenjera akanangothirako madzi oyera kuti aoneke bwino. Anawerengera kulemera kwa zinyalala zotayidwa pa tani iliyonse ya zipatso zolowa m'fakitale.

Zinyalala zitasanduka ngongole, eni mafakitale anayamba kuziona ndi diso lina. Akatswiri a unduna wa zaulimi ku Albany, konko ku California, anali atapeza kale njira yosendera mbatata ndi madzi ochepa: soda akafewetsa khungu, timikombero tamphira tinkalipukuta n'kulisonkhanitsa ngati phala, ndipo phalalo, ukali wake utachepetsedwa, linkadyetsedwa ng'ombe. Njirayi inayesedwanso pa mapichesi. Mafakitale ena anayamba kusefa madzi ndi kuwagwiritsanso ntchito, ena n'kumathirira nawo minda.

Sikungakhale koona kunena kuti malamulo ndiwo anathamangitsa mafakitale ku San Jose, ngakhale anakweza mtengo wa ntchito. Minda ya zipatso inali kugulitsidwa kuti pamangidwe nyumba ndi mafakitale a zamagetsi, ndipo oika zipatso m'zitini anatsatira mbewu ku chigwa chachikulu cha Central Valley, kumene anapezanso malamulo omwewo akuwadikira. Fakitale ya Del Monte, yomaliza mwa zazikulu za mumzindawu, inatsekedwa mu 1999. Malo oyeretsera madzi a ku Alviso aja akugwirabe ntchito, ndipo tsopano amalandira madzi ochokera m'nyumba zomangidwa pamene panali mitengo ya zipatso.